Ngodya zikamamatuka pa bedi: kuthana ndi kupindika pa printa yaikulu ya 3D ya filamenti

Printa yomweyo imene imatulutsa tizinthu ting'onoting'ono tosalala bwino imasintha khalidwe mukangoipatsa chinthu chodzaza bedi lonse, mbale yotentha imene chinthucho chimapangidwirapo. Muyalo woyamba wa pulasitiki umagona bwinobwino, inu n'kuona kuti zonse zili m'malo. Pakadutsa maola atatu kapena asanu, ngodya imodzi imayamba kusiyana ndi bedi. Poyamba mpata wake umakhala woti pepala lokha ndiye lingalowe, kenako chikhadabo chimalowa, ndipo m'mbali mwa ngodyayo mumaoneka timizere topanikizana ngati miyalo yaphwanyidwa. Nozzle, kamlomo kotulutsa pulasitiki wosungunuka, ikamadutsa pamenepo imayamba kugunda, go, go, go, ndipo mapeto ake chinthucho chimatuluka chopindika pansi, apo ayi chimachokeratu pa bedi n'kusiya ulusi wa pulasitiki uli mbwee.

Ambiri zikatere amathamangira guluu. Guluu ali ndi malo ake, koma pa printa yaikulu iye yekha sakwanitsa. Pali zinthu ziwiri zimene zikulimbana: pulasitiki amene akufupika pamene akuzizira, ndi bedi limene likuyesetsa kumugwira. Mukhoza kuwonjezera mphamvu ya kugwira, koma chinthu chikakula, chimene chimathandiza kwambiri ndi kuchepetsa mphamvu ya kukoka.

Chifukwa chake kukula kumabweretsa vuto

Pulasitiki aliyense amafupika akamazizira. ABS, umodzi mwa mitundu ya pulasitiki woprintira, imaleka kufewa pa madigiri pafupifupi 105, ndipo kuchoka pamenepo kufika pa kutentha kwa m'chipinda, tinene madigiri 25, imafupika ndi pafupifupi 0.6 peresenti. Pa kachinthu ka mamilimita 50 kufupikako ndi mamilimita 0.3 okha, bedi silivutika kukagwira. Pa chinthu cha mamilimita 400 kufupikako kumaposa mamilimita awiri. PLA imaleka kufewa pa madigiri pafupifupi 60, choncho ulendo wake wozizira ndi waufupi ndipo imakoka pang'ono, komabe pa mamilimita 400 ikhoza kufupika ndi milimita imodzi. PETG ili pakati pa ziwirizi, imaleka kufewa cha pa madigiri 80.

Kufupikaku sikuchitika nthawi imodzi m'chinthu chonse. Miyalo ya pansi yamatirira pa bedi lotentha, ndiye sikufupika. Muyalo watsopano umagona pamwamba uli wotentha, umagwirana ndi wapansi pake, kenako umazizira n'kuyamba kudzikoka kuchokera kumapeto kupita pakati. Wotsatira nawo umachita chimodzimodzi. Mphamvu zimenezi zimaunjikana, ndipo zimakathera m'ngodya, pamene makoma awiri akukoka malo amodzi. Zili ngati thabwa laliwisi limene lauma mbali imodzi yokha: limapindikira kumene kwaumako.

Onaninso kukula kwa bedi lenilenilo. Printa ya Ender 3 ili ndi malo oprintira a mamilimita 220 kwa 220. CR-10 inafika pa 300 kwa 300, Neptune 4 Max ya Elegoo ili pa 420 kwa 420, ndipo CR-10 S5 ili pa 500 mbali zonse. Bedi la 420 ndi lalikulu kuposa katatu ndi theka poyerekeza ndi la 220. Kulitenthetsa mofanana paliponse n'kovuta, kulisunga lathyathyathya n'kovuta, ndipo mphepo imapeza malo ambiri olowera. Zizolowezi zimene zinkakuyenderani pa printa yaing'ono zikhoza kukugwiritsani mwala pano popanda makina kukhala ndi vuto lililonse.

Musataye chimene chalephereka musanachiyang'ane pansi

Chinthu chopindikacho chimakuuzani gwero la vuto mukachitembenuza. Tengani tochi, walitsani cham'mbali kuti kuwala kukwawe pansi pake, ndipo yang'anitsitsani ngodya imene inamatukayo poyerekeza ndi pakati.

Ngati pakati mizere yaphwatalala n'kugwirana, koma pangodyapo mizere ndi yozungulira, iliyonse payokha, mwina yoti mungaisolole ndi chikhadabo, ndiye kuti ngodyayo sinagwire kuyambira pachiyambi. Nozzle inali patali ndi bedi pamalo amenewo. Limenelo ndi vuto la kusalingana kwa bedi, ndipo ngakhale mutatseka printa m'bokosi silingathe.

Ngati pansi ponse pali posalala mofanana, mizere yagwirana mpaka kungodya, koma ngodya zonse zinayi zapindikira m'mwamba, muyalo woyamba unali bwino. Chinthucho chinakokedwa pambuyo pake ndi kuzizira. Apa muyang'ane kutentha kwa bedi, mpweya wozungulira, ndi mmene chinthucho chinajambulidwira.

Mbali imodzi yokha ikamamatuka nthawi zonse, funsani kuti mbali imeneyo yayang'ana kuti. Kawirikawiri kumakhala zenera, chitseko, kapena fani ya bokosi la magetsi la printa yomweyo imene ikuuzira pa bedi. Ikhozanso kukhala mbali imene bedi silitentha mokwanira.

Pali china chimene chimachitika makamaka pa maprinta akuluakulu. Chinthu chimagwira mwamphamvu pa chitsulo chopyapyala chokutidwa ndi pulasitiki wa PEI chimene chimamatirira pa bedi ndi maginito, ndiye m'malo momatuka, chimanyamula chitsulocho kuchoka pa maginito. Mukaona mpata pakati pa chitsulo ndi bedi, guluu sangathandize chilichonse chifukwa kugwira kunalipo kale. Panani m'mphepete mwa chitsulocho ndi timakilipu tachitsulo, koma muonetsetse kuti nozzle ndi sensa sizidutsa pamene mwapanapo.

Nthawi zina pansi pamakhala bwino koma chinthu chimang'aluka m'mwamba, pakati pa miyalo, makamaka ABS ndi ASA, pulasitiki wofanana nayo. Mphamvu yake ndi yomweyo. Bedi linapambana, ndiye kukokako kunakapeza malo ofooka kumtunda kumene kutentha kwa bedi sikufika.

Bedi lalikulu limafuna nthawi

Apa ndi pamene ambiri amataya ntchito yawo asanaiyambe n'komwe. Sikirini ikalemba kuti bedi lafika madigiri 60, ikunena za malo amodzi okha, pamene pali thermistor yoyeza kutenthako, ndipo kawirikawiri imakhala pansi pa bedi chapakati, pafupi ndi chotenthetsera. Pamwamba pa galasi kapena pa PEI pamakhala pasanafike, ndipo m'mphepete mumatsalira ndi madigiri angapo, nthawi zina kupyola khumi. Ngodya za chinthu chanu chachikulu zikugona m'malo ozizirawo.

Chachiwiri, aluminiyamu amafutukuka akamatentha. Mbale ya mamilimita 400 ikakwera ndi madigiri 80 imatalika ndi pafupifupi mamilimita 0.7, ndipo popeza yamangidwa ndi masikuluwu, kutalikako kumasanduka kupindika pang'ono, pakati kutukumuka kapena kulowa. Muyalo woyamba ndi wa mamilimita 0.2 kapena 0.3 basi. Mukayeza bedi lili lozizira, kapena litangofika kumene pa kutentha, mwayeza bedi lina, losiyana ndi limene mudzaprintepo pakatha mphindi makumi awiri.

Choncho lisiyeni likhale pa kutenthako kwa mphindi 15 mpaka 30 musanayeze ndiponso musanayambe. La galasi lochindikala kapena la ABS pa madigiri 100 mpaka 110 lipatseni theka la ola lathunthu. Mungaike lamulo la G4 P900000 mu G-code yoyambira (malamulo amene makina amatsatira asanayambe kuprinta), pambuyo pa M190, lamulo lodikira kuti bedi litenthe, kuti makina azidikira okha mphindi 15. Pa nthawi yodikirayi nozzle isakhale pa kutentha koprintira, chifukwa filamenti, ulusi wa pulasitiki umene printa imasungunula, imapsera m'kati n'kuyamba kudontha. Ngati muli ndi choyezera kutentha cha infrared, matani kachidutswa ka tepi wapepala pakati ndi m'ngodya zonse ndipo yezani pa tepipo, chifukwa malo onyezimira amachinamiza. Kusiyana kukakhala kwakukulu, kumata chotchinga kutentha chosapsa pansi pa bedi kumathandiza ndithu, ndipo bedi limatenthanso msanga.

Bedi likakhazikika, yambani ndi manja. Linganizani ngodya ndi masikuluwu ake, ndipo onetsetsani kuti mtanda umene umanyamula nozzle suli chopendekera. Maprinta akuluakulu ambiri ali ndi mamota awiri a Z okweza ndi kutsitsa mtandawo, ndipo magetsi akazima mbali imodzi ikhoza kutsika pang'ono popanda inu kudziwa. Yezani kutalika kwa mtandawo kumanzere ndi kumanja. Marlin ndi Klipper ndi firmware, mapulogalamu oyendetsa printa. Pa Marlin yokhala ndi madalaivala awiri osiyana a Z, lamulo la G34 limalinganiza lokha; pa Klipper ndi Z_TILT_ADJUST, kapena QUAD_GANTRY_LEVEL pa makina onga Voron 2.4.

Kenako pangani mesh, mapu a kukwera ndi kutsika kwa bedi amene makina amayeza pa madontho angapo. Madontho atatu kwa atatu pa bedi la mamilimita 400 amasiya pafupifupi mamilimita 200 osayezedwa pakati pake, ndipo m'menemo mukhoza kubisala chigwa chonse. Asanu ndi awiri mbali iliyonse ndi poyambira pabwino. Mesh ikaonetsa kusiyana kofika theka la milimita, musangoti pulogalamu ikonza yokha. Ikonzadi kuti muyalo ugwire, koma pansi pa chinthu chanu padzatsatira kupindika kwa bedilo. Bwererani ku masikuluwu, yang'anani ngati mawilo a bedi sakugwedera, ndipo onani ngati pansi pa chitsulo sipanalowe kachidutswa ka filamenti.

Chinthu chimodzi chimazunguza anthu kwa nthawi yaitali: mesh inapangidwa, inasungidwa, koma makina sakuigwiritsa ntchito. Pa Marlin, lamulo la G28, lobwezera makina poyambira, limazimitsa mesh, pokhapokha firmware itakonzedwa kuti iziibwezeretsa. Ikani M420 S1 pambuyo pa G28 mu G-code yoyambira, ndipo mukapanga mesh yatsopano muzisunga ndi M500. Pa Klipper onetsetsani kuti macro (mndandanda wa malamulo) yoyambira ili ndi BED_MESH_PROFILE LOAD=default kapena imayeza mwatsopano ndi BED_MESH_CALIBRATE. Njira yodziwira ndi yosavuta. Muyalo woyamba ukamaikidwa, gwirani pang'ono ndodo ya Z ndi chala: iyenera kumazungulira pang'onopang'ono uku ndi uku pamene nozzle ikuyenda. Ikangokhala duu, mesh siikugwira ntchito.

Muyalo woyamba upangeni wonenepa. Ndi nozzle ya 0.4, ikani mamilimita 0.28 kapena 0.3, m'lifupi mwa mzere cha pa 120 peresenti, liwiro la mamilimita 20 mpaka 25 pa sekondi, ndipo fani ikhale yozima pa miyalo itatu kapena isanu yoyamba. Muyalo wonenepa umakhululukira timalo tosalingana timene mesh inaphonya.

Za kuyeretsa ndi zomatira

Mafuta a m'zala ndi okwanira kulepheretsa ngodya kugwira, ndipo pa chitsulo chachikulu timagwira m'mphepete ndi m'ngodya momwemo pochinyamula. Kupukuta ndi spiriti ya isopropyl kumathandiza tsiku ndi tsiku, koma nthawi zina kumangomwaza mafutawo. Tsukani chitsulocho ndi madzi ofunda ndi sopo wotsukira mbale, chiumitseni ndi pepala loyera, ndipo muzichigwira m'mbali mokha.

PLA imagwira bwino pa PEI yoyera pa madigiri 55 mpaka 60. Kukweza kupyola 65 poganiza kuti igwira kwambiri kumabweretsa zina: pansi pamakhala pofewa, pamafutukukira kunja, ndipo ngodya yofewayo imakokeka mosavuta. PETG imafuna 70 mpaka 85, ndipo vuto lake ndi losiyana, imagwira mopitirira muyezo pa galasi ndi pa PEI yosalala mpaka kung'amba pamwamba pake pochotsa. Pamenepo guluu wa ndodo amathandiza kuti chinthu chidzachoke, kapena gwiritsani ntchito PEI yokhakhala. ABS ndi ASA ndiye zimapinduladi ndi chomatira. Pakani mopyapyala, guluu wochuluka amadzamatuka yekha pamodzi ndi chinthucho.

Mpweya wozungulira printa

Kwa ine apa ndi pamene pagona nkhani ya zinthu zazikulu. Bedi limangofunditsa masentimita ochepa a pansi. Kuchokera pamenepo kupita m'mwamba, chinthu chili m'manja mwa mpweya wa m'chipinda. Ntchito ya maola makumi atatu imadutsa masana ndi usiku, ndipo m'bandakucha kukazizira, miyalo ya nthawi imeneyo imakoka kwambiri kuposa ya masana. N'chifukwa chake ambiri amapeza ngodya itamatuka m'mawa pamene madzulo zonse zinali bwino.

ABS kapena ASA yaikulu popanda bokosi lotchinga ndi kutaya filamenti chabe, ndipo sindingalimbikitse munthu kuyesa. Zimafuna mpweya wa madigiri 40 kupita m'mwamba, ndipo 50 mpaka 60 ndi pabwino koposa. Bokosi lalikulu limatenga nthawi kuti lifunde ndi bedi lokha, ndiye tsekani chitseko pa nthawi yodikira ija, ndipo ikani kachoyezera kutentha chapakati, pa msinkhu umene chinthu chidzafike. Fani yoziziritsa ikhale yotsika kwambiri, muziikweza pokhapokha pa malo olendewera. Musatsegule chitseko kuti muone mmene zikuyendera. Mphepo ya masekondi ochepa ikhoza kusiya mng'alu pa muyalo umene unali kuikidwa.

PLA ndiye muisamale mwanjira ina. Imafuna kutchingidwa ku mphepo, koma siifuna bokosi lotentha. Mpweya ukapyola cha pa madigiri 35, kutentha kumakwera m'khosi mwa hotend, chipangizo chosungunulira filamenti, filamenti imafewa isanafike posungunukira, imatupa n'kutseka njira. Mumadzapeza nozzle ikuyenda m'malere osatulutsa kanthu, giya ya extruder, chokankhira filamenti, itadya filamentiyo. Choncho pa PLA tchingani m'mbali, koma pamwamba kapena chitseko musiye potsegula pang'ono. Ngati mulibe bokosi, Cura ndi PrusaSlicer, mapulogalamu a slicer okonzera chinthu kuti chiprintidwe, zili ndi draft shield, kakhoma kopyapyala kozungulira chinthu, ndipo kamathandizako pa PETG ndi PLA.

Pano ndiyenera kunena za chitetezo, chifukwa bokosi ndi maola ambiri zimakulitsa ngozi. Bolodi ndi bokosi la magetsi zikhale kunja kwa malo otenthawo ngati n'kotheka. Bedi lalikulu limakoka magetsi ambiri, ndipo pa makina amene bedi limayenda, mawaya ake amapindika kambirimbiri. Muziyang'ana polumikizira ngati sipakuda kapena kusungunuka. Onetsetsani kuti firmware ili ndi chitetezo cha thermal runaway, chozimitsa zotenthetsera kutentha kukasokonekera, ikani alamu ya utsi pafupi, ndipo musapange bokosi ndi zinthu zosachedwa kugwira moto. ABS imatulutsa mpweya wa styrene ndi tinthu ting'onoting'ono touluka, ndiye siyoyenera m'chipinda chogona kapena chopanda potulukira mpweya. Ngati hotend yanu ili ndi chubu cha pulasitiki wa PTFE chofika mpaka pa nozzle, musapitirire madigiri pafupifupi 240, chifukwa chubucho chimayamba kuwonongeka.

Chepetsani kukoka musanadine batani

Zambiri zimatheka pa kompyuta. Ngodya yakuthwa ndi imene imasonkhanitsa mphamvu pamalo amodzi. Ngati chinthucho mwajambula nokha, zungulizani ngodya za pansi, ngakhale ndi mamilimita asanu kapena khumi okha, ndipo kusiyana kwake mudzakuona. Ngati simungasinthe maonekedwe, ikani timabwalo topyapyala m'ngodya, timene ambiri amatitchula makutu a mbewa: mamilimita 15 mpaka 20 m'mimba mwake, muyalo umodzi kapena iwiri. OrcaSlicer imatiika yokha mukasankha mtundu umenewo wa brim, kampendero kopyapyala kothandiza chinthu kugwira pa bedi. Brim yozungulira chinthu chonse nayo imagwira ntchito, koma pa chinthu chachikulu ikhale ya mamilimita 10 mpaka 15, ndipo pa ABS mpata wake ndi chinthu ukhale ziro, apo ayi brim imatsala pa bedi ngodya n'kunyamuka yokha. Raft, kamphasa ka pulasitiki kogona pansi pa chinthu chonse, pa bedi lalikulu imadya filamenti ndi nthawi yambiri, ndipo ndimaiona ngati njira yomaliza.

Pulasitiki akachuluka, kukoka kumachulukanso. Anthu amaika infill, zodzazira m'kati mwa chinthu, ya 40 kapena 50 peresenti pofuna kulimba, chonsecho kulimba kwambiri kumachokera m'makoma. Makoma atatu kapena anayi ndi infill ya 10 mpaka 15 peresenti zimakwanira pa zinthu zambiri zazikulu. Infill ya mtundu wa gyroid ndi yabwino pano chifukwa mizere yake ndi yokhotakhota, ilibe chingwe chowongoka chokoka kuchokera mbali ina kufika ina, ndiponso siidutsana pa muyalo umodzi ngati grid, imene imasiya timatotomo togunditsa nozzle. Pansi pathyathyathya pochindikala kwambiri ndi pamene pamakoka koposa. Ngati ntchito ya chinthucho ikulola, boolani mabowo kapena mipata m'menemo kuti mizere yaitali iduke.

Nozzle yokulirapo, ya 0.6 kapena 0.8, imayenerana ndi makina amenewa. Mizere yonenepa imasunga kutentha ndipo imagwirana bwino, choncho ming'alu ya m'mwamba imachepa, ndipo ntchito imatha msanga. Koma werengani kaye zimene hotend yanu ingasungunule. Mzere wa 0.8 m'lifupi, 0.4 msinkhu, pa liwiro la mamilimita 60 pa sekondi ukufuna makyubiki milimita 19 pa sekondi. Hotend wamba ya mtundu wa V6 imathera cha pa 11 mpaka 15 ndi PLA, pamene ya mtundu wa Volcano imapita patsogolo. Mukapyola malirewo, pulasitiki amatuluka asanasungunuke bwino, miyalo siigwirana, ndipo mumaganiza kuti ndi mphepo pamene ndi liwiro. Ikani malire a volumetric speed, kuchuluka kwa pulasitiki wotuluka pa sekondi, mu slicer, ndipo kwezani kutentha kwa nozzle ndi madigiri 5 kapena 10.

Komanso sikuti chifukwa bedi ndi lalikulu ndiye chilichonse chiyenera kutuluka chathunthu. Kudula chinthu pawiri kumachepetsa kukoka pa chidutswa chilichonse, ndipo chimodzi chikalephereka simutaya zonse. PrusaSlicer, kuyambira pa 2.6 imene inatuluka mu 2023, imatha kuika tolumikizira podula. ABS imalumikizika ndi acetone, PLA ndi PETG ndi epoxy kapena superglue.

Funsaninso ngati ABS ikufunikadi. Ngati chinthucho sichikakhala pa dzuwa kapena pa kutentha, PLA idzakupatsani mtendere. PETG imapirira kutentha kwapakati ndipo siipindika kwambiri. Mafilamenti osakaniza ndi ulusi wa kaboni kapena wa galasi amafupika pang'ono, koma amadya nozzle ya brass, ndiye amafuna yachitsulo cholimba.

Miyalo ikasuntha

Nthawi zambiri kusuntha kwa miyalo ndi mwana wa kupindika. Ngodya yakwera, nozzle yaigunda, mota yadumpha masitepe, ndipo kuchokera pamenepo chinthu chonse chasunthira mbali. Mukaona chipsera kapena malo osungunuka pa ngodya yokwera, pa msinkhu womwewo wa kusunthako, konzani kupindika ndipo kusuntha kudzatha. Z hop, kukweza nozzle pang'ono posamuka, ya mamilimita 0.4 imachepetsa kugundako poyenda.

Ngati pansi pali thyathyathya koma miyalo ikusunthabe, ndiye yang'anani makina. Pa printa imene bedi limayenda kutsogolo ndi kumbuyo, mota ya Y ikukankha mbale yolemera, ndipo chinthu chikamakula kulemerako kumawonjezeka ndi kilogalamu kapena kuposa. Acceleration, changu chowonjezerera liwiro, imene inali bwino pachiyambi imadzailemera pamapeto. Itsitseni, mangani lamba wa Y amene ndi wautali ndipo amakhwefuka msanga, ndipo limbitsani kasikuluwu kakang'ono ka pa pulley ya mota, kamene kayenera kukhala pa mbali yathyathyathya ya shafiti. Onaninso kuti waya wa bedi sukukola penapake bedi likafika kumapeto, malo amene tizinthu ting'onoting'ono sitilifikitsako.

Filamenti yonyowa imawonjezera zonsezi chifukwa imafooketsa kugwirana kwa miyalo. Mukamva kuthetheka pa nozzle ndi kuona ulusi wambiri, iumitseni: PLA pa madigiri 45 mpaka 50, PETG pa 60 mpaka 65, ABS cha pa 70 mpaka 80, kwa maola anayi kapena asanu ndi limodzi. Kilogalamu imodzi ya PLA ya 1.75 ndi mamita pafupifupi 330; yerekezani ndi zimene slicer yanena, ndipo yesani sensa ya kutha kwa filamenti ntchito yaitali isanayambe. Makina akaima kwa nthawi yaitali bedi litazima, chinthu chimamatuka, ndipo kupitiriza sikuthekanso.

Kuyesa popanda kutaya mpukutu wonse

Musayese zosintha zanu pa chinthu cha maola makumi awiri. Pa muyalo woyamba, printani timabokosi tisanu ta muyalo umodzi, mamilimita 40 mbali iliyonse, kamodzi pakati ndi tinayi m'ngodya zenizeni za bedi. Tikazizira, tichotseni n'kutiyang'ana pa kuwala. Kamene kakuonetsa mipata pakati pa mizere kanali patali, kamene kali ndi mizere yotukumuka yokhakhala kanali pafupi kwambiri. Tonse tisanu tikafanana, bedi lakonzeka.

Pa kupindika, jambulani kamtanda ka mamilimita 300 m'litali, 15 m'lifupi ndi 15 msinkhu, ka ngodya zakuthwa, infill yochuluka, popanda brim. Kamatha mu ola limodzi kapena awiri ndipo kamakoka mwamphamvu kuposa zinthu zambiri zimene mudzaprinte. Kaikeni cham'mphepete, kumbali imene imavuta. Sinthani chinthu chimodzi pa ulendo uliwonse, ndipo lembani kunsi kwake ndi cholembera zimene munasintha. Mukasintha zitatu nthawi imodzi n'kutheka, simudziwa chimene chathandiza, ndipo vuto likadzabweranso ndi filamenti ina mudzayambiranso pachiyambi.

Pa ntchito yeniyeniyo, khalani pafupi pa muyalo woyamba wonse, ndipo mudzayang'anenso chinthu chikafika masentimita awiri kapena atatu, chifukwa ngodya zambiri zimayamba kuonetsa pamenepo. Ikangoyamba kumene kusiyana ndi bedi, kumata brim pa bedi ndi tepi wopirira kutentha nthawi zina kumaigwira mpaka kumapeto. Ikakwera kale mamilimita awiri pa ola loyamba la ntchito ya tsiku lonse, imitsani, chifukwa idzangopitirira kukwera.

Ntchito ikatha musathamangire kuchotsa. Chinthu chachikulu chikhoza kupindika kapena kung'aluka pa kuzizira komaliza. Pa ABS ndi ASA siyani chitseko chotseka, ndipo ngati mungathe, lembani mu G-code yomaliza kuti bedi litsike pang'onopang'ono, madigiri khumi pa mphindi khumi zilizonse, mpaka cha pa 50 lisanazimiretu. PLA ndi PETG zidikireni bedi lifike pansi pa madigiri 35. Pa PEI zambiri zimamasuka zokha pamenepo, mumamva zikuthetheka. Mukachikanganula chidakali chofunda, pansi pake pamapindika m'manja mwanu ndipo pamauma chomwecho. Chikazizira, chiikeni pa galasi kapena pa tebulo lathyathyathya, dinani ngodya imodziimodzi, ndipo imene ikugwedera muiyerekeze ndi malo amene inagona pa bedi kuti mudziwe mbali yoyenera kukonza ulendo wotsatira.